Puloti yotsika mtengo ili m'njira ya madzi: mapulani a mzinda ndi chitetezo cha anthu osauka

Mvula ya namondwe Freddy, yomwe inagwa mosalekeza pakati pa 11 ndi 14 Malichi 2023, sinasankhe denga. Inagwa ku Nyambadwe, ku Sunnyside ndi ku Namiwawa monga momwe inagwera ku Chilobwe, ku Manja ndi ku Ndirande. Koma maliro ambiri a mumzinda wa Blantyre anachokera m'munsi mwa phiri la Soche, kumene matope osakanikirana ndi matanthwe anatsika n'kukwirira nyumba pamodzi ndi eni ake. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Ku Chilobwe komweko madzi anali atapha kale anthu mu Januwale 2015, choncho kuopsa kwa malowo kunali kodziwika. Anthu anali pomwepo zaka 8 pambuyo pake chifukwa mzinda sunawapatse kwina koti apite.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe, 800,000 ku Blantyre, 220,000 ku Mzuzu ndi 105,000 ku Zomba. Ambiri mwa iwo amakhala m'madera omwe khonsolo sinadulemo mapuloti. Munthu wofika m'tauni ndi ndalama zochepa amafuna malo oti thumba lake likwanitse, pafupi ndi ganyu kapena msika kuti aziyenda wapansi, komanso poti sabwera kudzamugumulira mawa. Malo okwaniritsa zitatuzi ndi amene ena onse anawakana: dambo, m'mphepete mwa mtsinje, mtsetse wa phiri, pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi. Mtengo wake umatsika chifukwa ngozi yake ndi yaikulu, ndipo wogulayo nthawi zambiri amadziwa zimenezi. Amangoyerekeza madzi omwe mwina abwera zaka zisanu zikubwerazi ndi lendi yomwe ikufunika pakutha pa mwezi uno.

Kale panali njira yolandirira anthu otere. Boma la atsamunda linayambitsa madera otchedwa Traditional Housing Areas, kumene munthu ankapatsidwa puloti yoyezedwa, msewu wafumbi ndi mpopi wogawana, iye n'kumanga ndi zipangizo zomwe angathe. Malawi Housing Corporation, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964, inayendetsa maderawa mpaka anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mbali zina za Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni, Kawale ndi Area 25 zinayamba motero. Kudula mapuloti otere kunatsalira kutali pamene anthu ankachulukirachulukira, ndipo mpatawo anautseka ndi mafumu a m'tauni ndi adobadoba, ogulitsa malo pongoloza ndi chala. M'zaka zomwezo mitengo ya m'mapiri a Ndirande ndi Soche inatha, nyumba n'kuyamba kukwera phiri.

Masamu a madzi

Mvula ya milimita 1 ikagwa pamalo a mita 1 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, amenewo ndi madzi okwana lita 1. Nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza imakhala ndi denga la masikweya mita pafupifupi 40. Mvula yamphamvu ya mamilimita 50 pa ola, yomwe si yachilendo mu Januwale, imatsitsa malita 2,000 kuchokera padenga limenelo, zigubu 100 za malita 20 m'ola limodzi. Pa hekitala imodzi mvula yomweyo ndi malita 500,000. Pamene pali nkhalango ndi udzu, madzi ambiri amalowa pansi kapena kuchedwa m'masamba, ndipo othamanga pamwamba amakhala mwina 15 pa 100, omwe ndi malita 75,000. Malo omwewo akadzaza malata, mabwalo osesedwa mpaka kuuma gwa ndi tinjira topondedwa, othamanga amafika 70 pa 100, malita 350,000, ndipo amafika kumunsi onse nthawi imodzi. Khwawa lomwe linkanyamula madzi a nkhalango likuyenera kunyamula ochuluka pafupifupi kasanu, chonsecho lachepa chifukwa anthu amangamo ndi kutayamo zinyalala. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo amene wamangamo ndiye amaona kuti mwambiwu ndi woona.

Masamu amenewa akutanthauza kuti madzi omwe amalowa m'nyumba za anthu osauka amayambira kutali ndi iwo. Mtsinje wa Lingadzi utasefukira mu Febuluwale 2017 n'kulowa ku Mtandire ndi ku Area 47, kapena madzi ataononga ku Kaliyeka, Chipasula ndi Kawale mu Disembala chaka chomwecho, anali madzi ochokera m'madenga, m'misewu ndi m'minda ya kumtunda konse. Dambo lili ngati chinkhupule, limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Aliyense amene wathira dothi m'dambo n'kumangapo nyumba yampanda, kaya ndi wolemera kaya ali ndi chikalata, watumiza madzi amenewo kwa anthu a kumunsi. N'chifukwa chake pulani yoona imajambulidwa potsata dera lonse lomwe madzi ake amathira mumtsinje umodzi, kaya ndi Mudi, Nasolo, Naperi, Lingadzi, Nankhaka kapena Likangala, osati potsata malire a wadi ya khansala.

Mapu omwe amalembedwa ndi eni dera

Ntchito yoyamba ndi kudziwa amene ali pati. Madera ambiri osavomerezeka saoneka bwino pamapu a khonsolo, ndipo chomwe sichili pamapu sichilowa mubajeti. Bungwe la CCODE, lomwe si la boma ndipo limathandiza anthu a m'madera osauka, pamodzi ndi gulu la anthu osaukawo la Federation of the Rural and Urban Poor achitapo kalembera ndi mapu otere m'madera monga Mtandire, Chinsapo ndi Salisbury Lines ku Mzuzu. Ku Dar es Salaam, ntchito ya Ramani Huria inagwiritsa ophunzira a kuyunivesite ndi anthu a m'madera kujambula ngalande iliyonse ndi kalavati aliyense. Kachitidwe kake n'kosavuta. Nyumba iliyonse imalembedwa nambala pakhoma. Olemba amafunsa kuti muli anthu angati, mwini wake ndani, alendi ndi angati, muli okalamba, olumala kapena odwala oti sangathamange. Kenako amafunsa pomwe madzi anafika m'chaka choipitsitsa, n'kulemba mzere wa penti pakhoma kapena pamtengo. Mizere imeneyi ikalumikizidwa pamapu imaonetsa malire enieni a madzi osefukira, ndipo anthu amaikhulupirira chifukwa anailoza okha.

Kumtsetse pamafunika ndodo ziwiri, chingwe ndi levulo, zomwe alimi ochita mizere ya akalozera amazidziwa kale. Nthaka ikamakwera mita 1 pa mamita 3 alionse oyenda, pamafunika ngalande ndi makoma otchinga dothi munthu asanamange. Ikamakwera mita 1 pa mamita 2, pasamangidwe nyumba. Oyeza aziyang'ananso ming'alu yapansi yoyenda mopingasa phiri, mitengo ndi mapolo opendekera kumunsi, zitseko zomwe zayamba kukana kutsekeka, ndi kasupe wotuluka pomwe kale panali pouma.

Pali chizindikiro chimodzi chomwe anthu amachiona tsiku ndi tsiku osachiwerenga. Pamene khwawa likutuluka m'phiri n'kufika poyalana, pamakhala malo otambalala okhala ndi matanthwe akuluakulu obalalika, ena aakulu ngati minibasi. Womanga amakondwa, amati malo ndi osatsetsereka ndipo miyala ya maziko ili pakhomo pomwe. Matanthwe amenewo sanamere pamenepo. Anatsika ndi napolo wakale, ndipo wina akadzabwera adzadutsa njira yomweyo. Zomba inaona zimenezi mu 1946, Phalombe mu 1991, Chilobwe ndi mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu mu 2023. Madzi osakanikirana ndi matope ndi miyala amalemera pafupifupi kawiri kuposa madzi wamba ndipo amathamanga kuposa munthu, kotero palibe khoma la nyumba wamba lomwe lingawaimitse.

Mapu akatha, dera limagawika patatu. Pali malo oti anthu achokepo basi: m'kati mwa khwawa, pakamwa pa khwawa lotuluka m'phiri, mtsetse wopitirira muyeso uja, ndi m'mphepete mwa mtsinje pomwe madzi amafika akuya komanso othamanga. Madzi othamanga ofika masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 60 amakokolola galimoto. Pali malo oti anthu akhale, bola pachitike ntchito ya ngalande, njira ndi zimbudzi. Pali malo abwinobwino oti angalandire anthu ena owonjezera. M'madera ambiri gawo loyambalo limakhala laling'ono poyerekeza ndi lachiwiri. Kulengeza kuti dera lonse ndi loopsa, aliyense asamuke, kumangochititsa kuti pasasamuke aliyense, ndipo mabanja ochepa omwe alidi pakamwa pa imfa amabisika m'chigulu.

Ngalande, mtsetse ndi nyumba

Ngalande imajambulidwa kuyambira kumtunda, powerengera madzi onse omwe adzalowemo, koma imamangidwa kuyambira kumunsi, pomwe madzi akathirire. Cholakwika chofala n'chakuti ndalama zikapezeka zokwana mamita 200, anthu amamanga pakati pa dera pomwe pali phokoso lambiri. Ngalandeyo imasonkhanitsa madzi omwe kale ankabalalika, n'kukawakhuthula onse pakhomo pa banja lomwe lili pomwe simenti yathera. Pamalo oyalana ngalande izitsika sentimita 1 pa mita iliyonse, kuti madzi azikokolola okha mchenga. Pamtsetse vuto ndi liwiro: madzi amakumba pansi pa ngalande n'kuigwetsa, choncho imamangidwa ngati masitepe kuti madzi azigwa pang'onopang'ono, ndipo pothirira pake pamayalidwa miyala kapena mabokosi a waya odzaza miyala. Yomangidwa ndi miyala imafuna matope a muyeso umodzi wa simenti pa miyeso 4 ya mchenga. Kuchepetsa simenti kuti ngalande italike ndiko kumanganso chaka chamawa.

Ngalande yopingasa phiri kumtunda kwa nyumba, yogwira madzi asanalowe m'dera, ndi yothandiza kwambiri, koma iyenera kukhala yowakidwa bwino osadontha. Ikang'aluka imamwetsa nthaka madzi pamalo amodzi n'kuyambitsa kugumuka komwe imati iletse. Pachilumba cha Saint Lucia ku Caribbean, kumene anthu osauka amakhalanso m'mitsetse, ntchito yotchedwa MoSSaiC inaika magatala m'madenga n'kuwalumikiza ku ngalande zotsika phiri, omanga ake ali anthu a m'deramo. Mitsetse yomwe inakonzedwa motero inapirira mvula ya namondwe Tomas mu 2010. Nzeru yake ndi masamu aja: malita 2,000 a denga lililonse asalowe m'nthaka ya kuseri kwa nyumba ya mnansi.

Kalavati wochepera masentimita 60 m'mimba mwake amatsekeka ndi majumbo, mabotolo ndi mchenga pamvula yoyamba, ndipo munthu sangalowemo kukachotsa. Wa masentimita 90 ndi wabwinopo, ndipo kumtunda kwake kuzikhala dzenje logwira mchenga ndi zitsulo zotchinga zinyalala, zoti wina wodziwika dzina azizichotsa. Ngalande zovindikira zimaoneka zaukhondo koma zimabisa kutsekeka, choncho m'madera othinana ndi bwino kuzisiya zotsegula n'kuika timilatho pakhomo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala ochepera mamaikuloni 60 mu 2015, koma ngalande zimadzazabe chifukwa galimoto yotenga zinyalala kupita kotayira ku Mzedi ku Blantyre kapena ku Area 38 ku Lilongwe singalowe m'tinjira ta mita imodzi. Dera lililonse limafunika njira imodzi kapena ziwiri za mamita osachepera 4, zoti mulowe galimoto yozimitsa moto, ambulasi ndi yonyamula zinyalala. Kutsegula njira yotere kumafuna kudula khonde la uyu ndi kusuntha chimbudzi cha uyo, ndipo kumatheka pokhapokha eni dera akagwirizana okha pamapu aja.

Nyumba yapamtsetse imayamba ndi kukumba kuti papezeke poyalana. Womanga amadula phiri n'kusiya chikhoma cha dothi choongoka cha mamita 2 kapena 3 kuseri kwa nyumba, ndipo dothi lomwe wakumbalo amalithira kutsogolo osalitsendera. Theka la nyumba limakhala panthaka yolimba, theka padothi lothira. Pamwamba pa chikhomacho pali bafa ndi chimbudzi cha mnansi, zomwe zikunyowetsa dothi chaka chonse. Mvula ikagwa masiku atatu, chikhoma chimagwera chipinda chogona, chomwe kawirikawiri chimakhala chakumbuyo. Malo odulidwa asapitirire mita 1.5 popanda khoma lotchinga, azipendekera kuphiri, ndipo pakati pa iwo ndi nyumba pazikhala mpata wa mita imodzi kapena kuposa wokhala ndi ngalande. Khoma lotchinga la miyala limafuna tsinde lotambalala pafupifupi theka la msinkhu wake, miyala ing'onoing'ono kuseri kwake, ndi timapaipi totulutsa madzi pa mita iliyonse. Khoma lopanda timabowo timeneti limasunga madzi kuseri mpaka kugwa lonse nthawi imodzi. Udzu wa vetiva wobzalidwa m'mizere yopingasa, mapesi ake atatalikirana masentimita 10 mpaka 15, umagwira dothi lapamwamba ndi mizu yake yozama.

Kubwezeretsa mitengo ku Soche, Ndirande ndi Michiru n'kofunika, chifukwa imachepetsa madzi othamanga ndi kugwira dothi losazama. Koma mitengo imatenga zaka kuti ikule, ndipo mvula yonga ya Freddy inagumula nthaka ngakhale m'mapiri okhala ndi mitengo ku Mulanje. Kubzala mitengo kusakhale chifukwa chosiyira mabanja pakamwa pa khwawa.

M'madera oyalana nyumba zambiri sizikokoloka, zimasungunuka kuyambira pansi. Zidina ndi njerwa zowakira dothi zikamira m'madzi kwa maola ochepa zimafewa, khoma n'kukhala pansi. Maziko a miyala kapena njerwa zootcha zowakira simenti azikwera masentimita 45 kuchokera pansi, kapena masentimita 30 pamwamba pa mzere wa penti uja, pamwamba pake n'kuyala pepala lakuda lapulasitiki kuti chinyezi chisakwere. Denga lizituluka masentimita 60 kuti mvula isamenye khoma, mita yoyamba ya khoma ipakidwe pulasitala wa simenti, ndipo mitengo ya denga imangidwe ndi waya wolowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa m'malo mosanjika miyala pamalata. Malangizo a kamangidwe kotere boma linawalemba pambuyo pa zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009. Amisiri ambiri amawadziwa. Chovuta n'chakuti munthu amene sakudziwa ngati nyumba yake idzakhalapo chaka chamawa sathira matumba a simenti m'maziko, ndipo landilodi amene sagona m'nyumbamo safulumira kuikonza. Chikalata chosavuta chotsimikizira kuti banja lili ndi ufulu wokhala pamalopo, choperekedwa m'malo okhawo omwe mapu aonetsa kuti ndi okhalika, chimalimbitsa makoma kuposa chilengezo chilichonse.

Madzi akaphwa imatsala kolera. Mliri womwe unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 ndipo Lilongwe ndi Blantyre anali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri. Chimbudzi chokumba chimayenera kutalikira mamita 30 kuchokera pachitsime, ndipo pansi pa dzenje pazikhala mita 1.5 pamwamba pa madzi apansi panthaka. Papuloti yokhala ndi mabanja asanu m'mphepete mwa dambo zimenezi sizitheka. Kumeneko kumafunika zimbudzi zokwezedwa zowakidwa m'kati, kapena za ecosan zomwe zimasandutsa zonyansa kukhala manyowa, njira yoti opopa zimbudzi azifika, ndi makiyosiki a madzi omangidwa pamalo okwera kuti anthu asabwerere kuzitsime zosefukira. Mapaipi apulasitiki odutsa m'ngalande, omwe amalumikizidwa ndi mphira wa chubu, amayamwa madzi onyansa nthawi yomwe mpopi wauma.

Kusamutsa anthu, ndi kudula malo anthu asanafike

Kusamutsa ndi kumene mapulani ambiri amagwera. Madzi atasefukira ku Dar es Salaam mu Disembala 2011, mabanja a m'chigwa cha Msimbazi anapatsidwa mapuloti ku Mabwepande, kutali kunja kwa mzinda. Malowo anali ouma, koma kunalibe ntchito, ndipo ambiri anabwerera kufupi ndi tauni. Mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi depoti, kapena bambo wakabaza, ndalama yake yatsiku ikhoza kuthera paminibasi yopita ndi kubwera. Vuto lina ndi alendi. Chipukuta misozi ndi puloti zimapita kwa mwini nyumba, pamene ambiri mwa ogona m'nyumbazo ndi alendi, omwe amangonyamula katundu kukafuna chipinda chotsika mtengo pakhwawa lina.

Kusamutsa koyenda bwino kumakhudza mabanja ochepa okhawo a m'gawo loyamba lija, kumawaika pafupi moti ana asasinthe sukulu ndipo makolo aziyendabe wapansi kupita kuntchito, kumawerengera alendi kuyambira pakalembera, ndipo madzi, msewu ndi zimbudzi zimafika kumalo atsopano nyumba zakale zisanagumulidwe. Ku Medellín m'dziko la Colombia, mabanja omwe ankakhala m'khwawa la Juan Bobo anamangiridwa nyumba zosanjikizana m'dera lomwelo, ndipo m'mphepete mwa khwawa munakhala njira za anthu oyenda pansi. Kupatsa ntchito malo osiyidwawo n'kofunika kwambiri. Malo osiyidwa opanda ntchito amagulitsidwanso mvula isanagwe kawiri. Akasanduka bwalo la mpira, dimba la gulu, nkhalango yoyang'aniridwa ndi komiti kapena msika wamasana wopanda ogonamo, amakhala ndi eni owalondera. Ku Beira m'dziko la Mozambique, mtsinje wa Chiveve unakonzedwa, kuikidwa zitseko zoletsa madzi a m'nyanja, ndipo m'mbali mwake munakhala paki yomwe imalandira madzi akachuluka.

Zonsezi ndi zokonza zomwe zinalakwika kale. Mzinda wa anthu 1,000,000 ukamakula ndi 4 pa 100 pachaka umalandira anthu 40,000, omwe ndi mabanja pafupifupi 9,000 ofuna pogona chaka chilichonse. Khonsolo ikadula mapuloti mazana ochepa, otsalawo akapeza malo kwa mfumu, ndipo ena mwa malowo adzakhala m'dambo. Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kupita kumalire a mzinda, kumene kudakali minda, kukakhala pansi ndi mafumu ndi eni minda, n'kukhomeratu zikhomo zoonetsa misewu ikuluikulu, makwawa ndi madambo osamangamo, malo a sukulu ndi msika. Phula ndi mapaipi zikhoza kubwera pambuyo. Chomwe sichibwerera ndi mpata: kutsegula msewu pomwe pamangidwa kale kumadya ndalama zochuluka kwambiri kuposa kukhoma chikhomo m'munda wa chimanga.

Miyeso ya khonsolo nayo iziyang'ana thumba la anthu. Lamulo likamafuna puloti yaikulu, pulani yojambulidwa ndi katswiri ndi nyumba yomalizidwa nthawi imodzi, wosauka amakhala wophwanya lamulo asanaike njerwa yoyamba, ndipo akakhala kunja kwa lamulo palibe womuuza za maziko kapena mtsetse. Mapuloti a masikweya mita 150 mpaka 200, olipira pang'onopang'ono, ololeza kuyamba ndi chipinda chimodzi ndi chimbudzi, komanso kumanga zipinda za lendi, angalandire mabanja ambiri pamalo abwino. Magulu osunga ndalama, monga mabanki m'khonde ndi thumba la Mchenga la mamembala a Federation, anaonetsa kale kuti anthu opeza zochepa amabweza ngongole ya nyumba ikakhala ya msinkhu wawo. Malamulo alipo: la Physical Planning la 2016, ndondomeko ya mizinda ya 2019, ndi la Disaster Risk Management la 2023 lomwe linalowa m'malo mwa la 1991. Chovuta ndi chakuti malo a mumzinda umodzi ali m'manja ambiri, Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation, khonsolo, makampani ndi mafumu, ndipo aliyense amagawa payekha. Mapu amodzi a malo oopsa, omwe onsewa awasainira ndipo apachikidwa poyera paofesi ya wadi, amachititsa kuti wogula aliyense adziwe chomwe akugula. Lamulo loletsa kumanga m'dambo liziyambira pa nyumba zampanda, chifukwa likamagwira osauka okha palibe amalilemekeza.

Pamene ntchito zazitalizi zikuyenda, anthu akugonabe m'malo oopsa mvula ino. A zanyengo anachenjeza za Freddy masiku angapo asanafike, koma uthenga woti kuchigawo cha kummwera kugwa mvula yambiri suuza banja la ku Manja kuti lichoke liti, lipite kuti, ndipo katundu wake alondera ndani. Komiti ya m'dera imafunika choyezera mvula pasukulu, muyeso wogwirizana ndi akatswiri woti ukakwana anthu a m'nyumba za m'malo oopsa aja akagone kwina, anthu odziwika okhala ndi wenzulo ndi chimkuzamawu, ndi mndandanda wa okalamba ndi olumala pamodzi ndi mayina a owanyamula. Njira yothawira izichoka m'khwawa mopingasa kupita pachitunda, osatsika motsata madzi. Mtsinje ukaphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, ndiye kuti watsekeka kumtunda ndipo uphulika. Madzi akasanduka phala la matope, kapena kukamveka mkokomo kuphiri, nthawi yolongedza yatha. Malo othawirako azisankhidwa mvula isanayambe, poyang'ana kuti munthu aliyense amafuna malita 15 a madzi patsiku ndipo chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20. Sukulu zikakhala misasa kwa milungu yambiri ana amataya maphunziro, choncho maholo a matchalitchi, mizikiti ndi a m'madera aziwerengedwanso.

Nyengo ndiyo imalamula ntchito yonseyi. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, mvula ikumapita kumapeto, ndipo miyezi yomangira ndi Meyi mpaka Okutobala. Mizere ya madzi pamakoma imalembedwa mu Febuluwale ndi Malichi zipsera zisanafufutike, ndipo komiti ya chitukuko ya wadi iyenera kufika nayo kwa khansala bajeti isanatsekedwe, itaonetsa kale ngalande yoyambira kumunsi, mamita ake ndi mabanja omwe ali pakamwa pa khwawa. Kuchotsa mchenga m'ngalande ndi m'makalavati kumachitika mu Okutobala, n'kubwerezanso pambuyo pa mvula yoyamba, chifukwa ndi imene imakokolola zinyalala zonse za m'chilimwe. Dothi lochotsedwalo lizinyamulidwa tsiku lomwelo, chifukwa likaunjikidwa m'mbali mwa ngalande limabwereramo ndi mvula yotsatira.